Kodi nyanja yoyera ili ndi mtengo wanji, ndipo amautchula ndani?

Tiyamike:
Moni nonse pa gulu lino. Ndili ndi funso lomwe likundizunguza mutu. Mu 2015 bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linatulutsa lipoti lonena kuti nyanja zamchere za dziko lapansi, tikaziwerengera ngati katundu, mtengo wake ndi madola 24 thiriliyoni a ku America, ndipo chaka chilichonse zimatipatsa zinthu za madola 2.5 thiriliyoni. Anati nyanja ikanakhala dziko, bwenzi ili pa nambala 7 pa mayiko achuma. Funso langa ndi ili: nambala ngati imeneyi amaipeza bwanji? Nsomba ndikumva, zili ndi mtengo pa msika. Nanga madzi oyera, matanthwe a korali (omangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), namgumi wosambira kutali komwe palibe amamuona, zimenezi amaziyeza ndi chiyani? Ndipo kodi n'koyenera kumene kuziyeza?

Kondwani:
Achemwali, ine ndiyankha funso lachiwirilo. Sikoyenera. Chinthu mukachiika mtengo ndiye kuti mwauza amene ali ndi ndalama kuti akhoza kuchigula. Lero mukuti gombe ili ndi la madola 50 miliyoni, mawa kampani ibwera ndi 60 miliyoni n'kunena kuti tipatseni timangepo doko. Mudzawakana bwanji, poti nambala munatchula nokha?

Nachisale:
Achimwene a Kondwani, nkhawa yanu ndi yoona ndipo ndiibwerera. Koma choyamba taonani izi. Nduna ya zachuma ikakhala pansi kusankha pakati pa doko ndi nkhalango ya mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, doko limabwera ndi mapepala ake: ntchito zingati, msonkho wochuluka bwanji, zombo zingati pa chaka. Nkhalango ija ikabwera yopanda nambala, pa pepala la nduna imalembedwa ziro. Ndiye kukana kuwerengera sikuteteza nyanja ku mtengo. Mtengo ulipo kale, ndi ziro, ndipo ndi umene wakhala ukugwira ntchito zaka zonsezi.

A Tiyamike, njira zake n'zingapo ndipo sizodalirika mofanana. Yosavuta ndi ya zinthu zogulitsidwa, monga nsomba ndi ndalama zomwe alendo odzaona malo amasiya. Ina ndi kufunsa kuti chinthu ichi chikanapanda kukhalapo, tikanaluza zingati. Matanthwe a korali amaswa mafunde asanafike kumtunda. Kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti amachepetsa mphamvu ya mafunde ndi 97 peresenti, ndipo wina wa mu 2018 anawerengera kuti amapulumutsa katundu wa madola 4 biliyoni pa chaka yemwe madzi osefukira akanawononga. Apa palibe zongoganiza kwambiri, chifukwa nyumba ndi misewu yomwe ikanamira timadziwa mtengo wake. Palinso njira yoona ndalama ndi nthawi yomwe anthu amawononga kuti akafike pa gombe loyera m'malo mwa lauve lomwe lili pafupi nawo. Yomaliza, yomwe imabweretsa mikangano, ndi kungowafunsa anthu kuti mungalipire zingati kuti chinthu ichi chisawonongeke.

Nambala zikuluzikulu za dziko lonse zija zinatchuka ndi Robert Costanza ndi anzake, omwe mu 1997 analemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti chilengedwe chonse chimatipatsa zinthu za madola 33 thiriliyoni pa chaka, pomwe chuma chonse chopangidwa ndi anthu nthawi imeneyo chinali pafupifupi 18 thiriliyoni. Mwa 33 uja, pafupifupi 21 anali a nyanja. Ine nambala za mtundu umenewu ndimaziona ngati zodzutsa anthu basi. Sizithandiza kupanga chisankho chilichonse, chifukwa palibe amene akusankha pakati pa kukhala ndi nyanja yonse ndi kusakhala nayo. Nyanja yonse itatha, tonse tatha. Nambala yothandiza ndi ya kachigawo kamodzi, pa chisankho chimodzi.

A Mbewe:
Zikomo mayi Nachisale, mwafotokoza bwino. Koma njira yofunsa anthuyo yandivuta kumvetsa. Munthu amene sanaonepo nyanja, ndipo mwina sadzaiona mpaka imfa, mukamufunsa za mbalame za kunyanja ya kutali, yankho lake likhala ndi kulemera kwanji? Kunena n'kosavuta ngati ndalamayo situluka m'thumba.

Nachisale:
Bambo Mbewe, funso lanulo ndi lomwe akatswiri a zachuma anakangana nalo kwa zaka zambiri, ndipo chinayambitsa mkanganowo ndi ngozi. Pa 24 March 1989 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Exxon Valdez inagunda matanthwe ku Prince William Sound, ku Alaska, n'kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta. Asodzi analuza, zimenezo zinali zowerengeka. Koma mbalame zikwi mazanamazana zinafa, akatumbu a m'nyanja anafa, anamgumi a mtundu wa orca anafa, ndipo zonsezi sizinali za munthu aliyense. Ndiye kampani ilipire ndani, zingati?

Boma la Alaska linapempha gulu la akatswiri, lomwe Richard Carson anali mmodzi wa atsogoleri ake, kuti lipeze yankho. Anayendera mabanja opitirira 1,000 m'madera osiyanasiyana a America, kuwaonetsa zithunzi, n'kuwafotokozera za pulogalamu ya zombo zoperekeza sitima za mafuta kuti ngozi yotere isachitikenso. Kenako anawafunsa ngati angavotere msonkho wolipira kamodzi wa ndalama zakutizakuti. Yankho la pakati linali madola 31 pa banja. Atachulukitsa ndi mabanja a dziko lonselo anapeza madola 2.8 biliyoni. Imeneyi inali ndalama ya anthu omwe ambiri mwa iwo sadzapondako ku Alaska, koma zimawapweteka kudziwa kuti malo aja awonongeka.

Makampani a mafuta anatsutsa njirayi mwamphamvu. Pofuna kuthetsa nkhaniyi, bungwe la boma la America loona za nyanja, NOAA, linaika gulu lotsogozedwa ndi Kenneth Arrow ndi Robert Solow, onse opata mphoto ya Nobel pa zachuma. Mu 1993 gululi linati njirayi ikhoza kugwira ntchito m'khoti, koma pokhapokha itachitidwa mosamala: kufunsa maso ndi maso, funso likhale ngati voti ya inde kapena ayi pa ndalama yotchulidwa, ndipo munthu akumbutsidwe kuti ndalama imeneyo akaipereka uku, yachepa kwina.

Kondwani:
Mayi, musaiwale za mbalame zija. Nthawi yomweyo panali kafukufuku wa William Desvousges ndi anzake. Anafunsa magulu atatu a anthu kuti angalipire zingati populumutsa mbalame kuti zisamire m'maiwe a mafuta. Gulu loyamba analiuza kuti mbalamezo ndi 2,000, lachiwiri 20,000, lachitatu 200,000. Mayankho anali madola 80, 78 ndi 88. Mbalame zachuluka ka 100, ndalama sinasunthe. Apa zikuonekeratu kuti anthu sayeza mbalame. Amangotchula ndalama yomwe imawapangitsa kumva kuti achitapo kanthu. Ndiye mungamange chigamulo cha mabiliyoni pa maziko amenewo?

Nachisale:
Kafukufuku ameneyo ndi woona, ndipo n'chifukwa chake masiku ano kafukufuku wabwino amayesa ngati yankho likukula pamene chiwonongeko chikukula. Anachita zimenezi pa ngozi ya Deepwater Horizon, nsanja yokumbira mafuta m'nyanja yomwe inaphulika mu April 2010 ku Gulf of Mexico, pomwe anthu 11 anafa ndipo mafuta anatuluka masiku 87. Anthu ena anawafotokozera chiwonongeko chochepa, ena chachikulu, ndipo mayankho anasiyana mmene anayenera kusiyanira. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017 m'magazini ya Science: madola 17.2 biliyoni. Koma taonani, BP, kampani ya mafuta yomwe inkakumba pamalopo, inali itagwirizana kale ndi boma la America ndi zigawo zisanu za m'mphepete mwa nyanjayo kulipira madola 20.8 biliyoni pa milandu yonse ya boma, ndipo gawo lobwezeretsa chilengedwe linali 8.8 biliyoni. Ku Alaska nakonso, Exxon, kampani mwini sitima ija, inagwirizana ndi boma mu 1991 pa ndalama pafupifupi 1 biliyoni, osati 2.8. Ndiye nambala ya akatswiri sikhala yomwe imalipidwa. Imakhala chida chomwe boma limalowa nacho m'chipinda chokambirana. Popanda chidacho, zokambirana zimayambira pa mtengo wa nsomba zakufa basi.

Chisomo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiloleni ndilowerere, chifukwa pali china chachikulu kuposa mbalame za a Kondwani. Funso loti mungalipire zingati limayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: chikondi cha munthu pa nyanja, ndi kukula kwa thumba lake. Banja la ku California lomwe limapita ku gombe kawiri pa chaka likhoza kutchula madola 150 osaganiza kawiri. Mayi wa ku Bangladesh kapena ku Madagascar, amene ana ake amadya chifukwa cha nyanja tsiku ndi tsiku, atchula dola imodzi kapena ziwiri, chifukwa ndi zomwe ali nazo. Mukaphatikiza nambalazi, pepala likuuzani kuti nyanja ya munthu wolemera ndi yofunika kuposa ya wosauka. Ili ndi bodza lamkunkhuniza, koma limatuluka m'masamu olondola.

Ndipo si njira yofunsa yokha. Ngakhale njira ya katundu wopulumutsidwa yomwe mayi Nachisale akuti ndi yodalirika ili ndi vuto lomweli. Mu 2020 kunatuluka kafukufuku wonena kuti mitengo ya mangrove imateteza katundu woposa madola 65 biliyoni pa chaka ku madzi osefukira, ndipo ikanapanda kukhalapo anthu ena 15 miliyoni bwenzi akuvutika ndi madzi chaka chilichonse. Mukawerengera ndalama, mayiko omwe amapindula kwambiri ndi monga America, China, India ndi Mexico. Mukawerengera anthu, patsogolo pamabwera Vietnam, India ndi Bangladesh. Mitengo yoteteza nyumba zodula za ku Florida imapeza nambala yaikulu kuposa mitengo yoteteza mudzi wonse wa nyumba zaudzu. Ndiye ndalama yobzala mitengo ikakhala yochepa, n'kutsata nambala ya madola, ipita kuti?

Tiyamike:
Achemwali a Chisomo, apa mwandikhudza. Sindinaganizepo kuti nyumba yaudzu ikamira, pa pepala palembedwa kuti chatayika n'chochepa.

Chisomo:
Ndipo malamulo a chipepeso amawonjezera bala. Pa 25 July 2020 sitima ya MV Wakashio inatsakamira pa matanthwe a korali pafupi ndi Pointe d'Esny ku Mauritius, ndipo matani pafupifupi 1,000 a mafuta anatayikira m'madzi, pafupi ndi malo otetezedwa. Anthu wamba anasoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe ndi tsitsi lawo. Koma chifukwa sitimayo sinali yonyamula mafuta ngati katundu, mafuta otayikawo anali oyendetsera injini yake, thumba lalikulu la mayiko lolipira ngozi za sitima za mafuta silinakhudzidwe. Malire a chipepeso pa ngozi yotere amawerengedwa potengera kukula kwa sitima, osati kukula kwa chiwonongeko. Katswiri akhoza kuwerengera bwino lomwe mtengo wa korali yakufa, koma pangano la mayiko linaika kale denga lomwe ndalama singalidutse.

Nachisale:
Sindikutsutsani a Chisomo. Njira yokonzera ilipo ndipo akatswiri amaidziwa: dola ya munthu wosauka imapatsidwa kulemera kwakukulu powerengera, chifukwa dola imodzi kwa iye ndi chakudya cha tsiku. Mabuku ena a boma ounikira mapulojekiti, monga la ku Britain, amalola zimenezi. Vuto n'lakuti kawirikawiri sizichitika, chifukwa zimasintha wopambana. Ine ndimaumirira kuti lipoti lililonse lizionetsa nambala ziwiri moyandikana, ndalama ndi anthu, kuti wosankha asabisale kuseri kwa imodzi.

Limbani:
Ine ndikufuna tibwere ku nsomba, chifukwa kumeneko simufunika kufunsa aliyense za mumtima mwake. Ndalama ikutayika poyera. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera mu 2009 kuti usodzi wa m'nyanja zamchere umaluza madola 50 biliyoni pa chaka chifukwa chosayendetsedwa bwino. Atabwerezanso mu 2017, pogwiritsa ntchito nambala za chaka cha 2012, anapeza 83 biliyoni. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: zombo zachuluka, nsomba zachepa, ndiye chombo chilichonse chimawotcha mafuta ambiri kusaka nsomba zochepa ndi zazing'ono. Mutachepetsa kupha kwa zaka zingapo nsomba ziswane, mudzapha zambiri ndi zombo zochepa. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, limati mu 1974 magulu a nsomba omwe ankaphedwa mopitirira muyeso anali 10 pa 100 aliwonse. Pofika 2021 anali 37.7.

Chomwe chimandiwawa ine ndi chakuti maboma amalipira kuti zimenezi zichitike. Rashid Sumaila ndi anzake anawerengera kuti mu 2018 ndalama za sabuside zopita ku usodzi zinali madola 35.4 biliyoni, ndipo 22.2 biliyoni mwa izo zinali za mtundu wowonjezera mphamvu yopha nsomba, makamaka mafuta otchipa. Zambiri zimapita ku zombo zikuluzikulu, zomwe zina popanda sabuside sizikanatha n'komwe kupita kutali kukapha m'madzi a anthu ena. Bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, WTO, linakambirana nkhaniyi kuyambira 2001, n'kudzagwirizana mu June 2022, ndipo pangano lomwe linatuluka linangoletsa sabuside kwa opha mozembera malamulo, opha nsomba zomwe zatha kale ndi ena ochepa. Gawo lalikulu la zombo zochulukitsa analisiyira mtsogolo.

A Mbewe:
A Limbani, zimene mukunenazi ndi zomwe zinachitika ku Canada. Nsomba za cod za ku Newfoundland zinadyetsa anthu zaka pafupifupi 500. Mu 1968 anapha matani oposa 800,000 m'chaka chimodzi. Chaka chilichonse chomwe anapha zambiri, mabuku a chuma cha dziko ankalemba kuti zinthu zayenda bwino. Mu July 1992 nduna John Crosbie inalengeza kuti usodziwo watsekedwa kwa zaka ziwiri. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito nthawi imodzi, midzi ina inatsala mabwinja, ndipo zaka ziwirizo zinakhala 32, mpaka 2024 pomwe anatsegulako pang'ono. Ankadya mpamba n'kumati ndi phindu, ndipo panalibe buku lolemba kuti mpamba ukutha.

Nachisale:
Ndendende bambo. GDP, nambala yoyeza chuma chomwe dziko lapanga pa chaka, imawerenga zomwe zatuluka, siwerenga zomwe zatsala. Ngakhale ndalama zochotsera mafuta pa gombe zimalowa mu GDP ngati ntchito yomwe yachitika. Partha Dasgupta, m'lipoti lomwe analembera boma la Britain mu 2021, anaonetsa kuti pakati pa 1992 ndi 2014 katundu wopangidwa ndi anthu, monga misewu ndi makina, anachuluka kawiri pa munthu aliyense, pomwe chuma cha chilengedwe pa munthu aliyense chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Chaka chomwecho mu March, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero inavomereza njira yoti mayiko azisungira mabuku a chilengedwe pambali pa mabuku a chuma. Kwa ine imeneyi ndi ntchito yofunika kuposa nambala ya mathiriliyoni, chifukwa bukulo limayamba ndi mahekitala a mangrove ndi matani a nsomba, ndalama imabwera pambuyo.

Limbani:
Ndipo nambala ikafika pa malo oyenera imasinthadi zinthu. Ku Palau, dziko la zilumba la ku Pacific, kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti shaki imodzi ya m'matanthwe, pa malo omwe alendo amasambira pansi pa madzi kukaiona, imabweretsa madola 1.9 miliyoni pa moyo wake wonse. Mukaipha n'kugulitsa zipsepse ndi nyama mupeza madola 108. Alendo odzaona shaki ankabweretsa madola 18 miliyoni pa chaka, pafupifupi 8 peresenti ya chuma cha dzikolo. Nambala imeneyi yagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri poteteza shaki.

Kondwani:
Achimwene, Palau inaletsa kupha shaki mu 2009, kafukufuku wanuyo asanatuluke. Anachita chifukwa anaona kuti n'koyenera. Ndipo ndikufunseni: mu 2020 ndege zitaima chifukwa cha Covid, alendo atasiya kubwera, shaki ija inatsika kufika pa madola 108? Ngati chifukwa chokhacho chosungira shaki ndi alendo, tsiku lomwe alendo asowa chifukwa chanu chathanso. Nanga zamoyo zomwe palibe mlendo angalipire kuti akazione, nyongolotsi za m'matope a pansi pa nyanja, tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadyedwa ndi nsomba? Izi ndizo zagwira nyanja yonse, koma sizijambulika bwino.

N'chimodzimodzi ndi namgumi. Mu 2019 Ralph Chami wa ku bungwe la zachuma la IMF ndi anzake anati namgumi wamkulu mmodzi ndi wa madola oposa 2 miliyoni, makamaka chifukwa cha mpweya wa kaboni womwe amathandiza kuchotsa mumlengalenga. Cholinga chawo chinali chabwino. Koma mtengo wa kaboni pa msika umakwera n'kutsika. Moyo wa namgumi uzikwera n'kutsika nawo?

A Mbewe:
Apa ine ndili kumbali ya a Kondwani. Pali zinthu zomwe munthu akakufunsa mtengo wake, funsolo palokha ndi chipongwe. Mu 2017 kampani ya Deloitte inati matanthwe a Great Barrier Reef ku Australia ndi a madola 56 biliyoni a ku Australia, ndipo amasunga ntchito 64,000. Koma lipoti lomwelo silinaike nambala pa ubale wa eni nthaka, anthu a Aboriginal ndi a Torres Strait Islander, ndi nyanja imeneyo, ubale wa zaka zikwizikwi. Anachita bwino kusaika. Komabe amene amangomva 56 biliyoni pa wailesi sadziwa kuti pali gawo lomwe linasiyidwa kunja. Ndipo nambalayo sinaletse korali kuyera ndi kufa chifukwa cha kutentha kwa madzi mu 2020, 2022 ndi 2024.

Nachisale:
Bambo Mbewe ndi a Kondwani, ndikuvomereza kuti pali malo omwe lamulo liyenera kungoti ayi, osafunsa mtengo. Mtundu wa chamoyo ukatsala pang'ono kutheratu, simuwerengera phindu ndi zoluza, chifukwa chikatha palibe ndalama yochibweza. Nambala ntchito yake ili pa zisankho za tsiku ndi tsiku zomwe zichitikabe kaya tifune kaya tisafune: kodi mzinda umange malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi asanalowe m'nyanja, kodi alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi athandizidwe kuchepetsa feteleza yemwe amakameretsa ndere n'kumaliza okosijeni ku Gulf of Mexico, kodi dziwe lowetera shrimp, tizamoyo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu tomwe anthu amadya, liloledwe.

Za shrimp zimenezi ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda chifukwa chimaonetsa amene amadya ndi amene amalipira. Suthawan Sathirathai ndi Edward Barbier anafufuza ku Surat Thani, kummwera kwa Thailand. Kwa mwini dziwe, kudula mangrove n'kuweta shrimp kuli ndi phindu lalikulu. Koma dziwe lotere limagwira ntchito zaka zisanu zokha kapena kuyandikira pamenepo, kenako dothi limawonongeka, mwini amasamukira kwina. Mukawerengera nsomba zomwe zinkaswana m'mizu ya mitengo ija, nkhuni ndi zina zomwe mudzi unkapeza, ndi chitetezo ku namondwe, nkhalango imaposa dziwe kutali. Phindu linapita kwa munthu mmodzi wa kutali kwa zaka zisanu, chiwonongeko chinatsalira mudzi kwa zaka makumi. Popanda kuwerengera, mwini dziwe amaoneka ngati wobweretsa chitukuko ndipo mudzi umaoneka ngati wokana chitukuko.

Tiyamike:
Ndiye pali pomwe nambala inasanduka ndalama yeniyeni m'manja mwa anthu osunga nyanja? Osati pa pepala pokha.

Limbani:
Ilipo, ngakhale si yambiri. Ku Gazi Bay ku Kenya, pulojekiti ya Mikoko Pamoja kuyambira 2013 imagulitsa kaboni wosungidwa ndi mitengo ya mangrove, kutanthauza kuti imalipidwa chifukwa cha mpweya wa kaboni womwe mitengoyo imasunga, ndipo ndalamayo midzi imagwiritsa ntchito pa madzi akumwa ndi zofunika za kusukulu. Ku Quintana Roo ku Mexico, matanthwe a korali ali ndi inshuwalansi yawoyawo kuyambira 2019. Mphepo ikafika liwiro lomwe anagwirizana, ndalama imatuluka osadikira wowunika. Namondwe Delta atawomba mu October 2020 panatuluka madola pafupifupi 800,000, ndipo magulu ophunzitsidwa analowa m'madzi kukamatanso zidutswa za korali zisanafe. Palinso kusinthanitsa ngongole ndi chitetezo cha nyanja. Seychelles inakonzanso ngongole ya madola 21.6 miliyoni mothandizidwa ndi bungwe loteteza zachilengedwe la The Nature Conservancy, ndipo pofika March 2020 inali itateteza 30 peresenti ya madzi ake. Belize mu 2021 inagulanso ngongole ya madola 553 miliyoni pa masenti 55 pa dola iliyonse, n'kulonjeza zofanana.

Chisomo:
Za ngongolezi ndimazilandira ndi manja awiri koma maso ali tcheru. Mapu a malo oletsedwa akajambulidwa mu ofesi ndi boma, mabanki ndi bungwe lakunja, msodzi wa bwato laling'ono amangomva kuti pano usaponyenso ukonde. Iye ndi amene amalipira mtengo wa nyanja yathanzi, m'chaka choyamba ndi chachiwiri pomwe nsomba zisanabwerere. Malo omwe zinayenda bwino ndi omwe asodzi anasankha okha. Ku Cabo Pulmo ku Mexico anthu a m'mudzimo ndi omwe anapempha kuti malowo atetezedwe mu 1995, ndipo pakati pa 1999 ndi 2009 kulemera kwa nsomba zonse m'madzimo kunakwera ndi 463 peresenti. Ku Andavadoaka ku Madagascar, mu 2004 asodzi a mtundu wa Vezo anatseka malo amodzi ophera octopus, chamoyo cha m'nyanja cha mikono isanu ndi itatu, kwa miyezi ingapo, atatsegula anapeza zazikulu ndi zambiri, ndipo midzi ina inatengera yokha. Anaona phindu ndi maso awo m'miyezi yochepa, ndipo linalowa m'thumba mwawo.

Kondwani:
Koma korali sibwerera m'miyezi. Ina imatenga zaka makumi. Mayi Nachisale, tiuzeni zoona za mmene mumawerengera phindu la zaka 50 zikubwerazo.

Nachisale:
Apa ndi pomwe chisankho chachikulu chimabisala m'kanambala kakang'ono. Pa zachuma timati ndalama ya mawa ndi yochepa mphamvu kuposa ya lero, ndiye phindu la mtsogolo timalichepetsa ndi peresenti inayake chaka chilichonse. Phindu la madola 100 lomwe lidzabwere pakatha zaka 50, mukalichepetsa ndi 1.4 peresenti pa chaka, lero ndi pafupifupi madola 50. Mukalichepetsa ndi 5 peresenti, silikwana madola 9. Korali ndi yomweyo, ana odzaidalira ndi omwewo, koma pulojekiti yoiteteza imapambana kapena kugwa malinga ndi peresenti yomwe munthu wina anasankha. Mkangano wa akatswiri a zachuma Nicholas Stern ndi William Nordhaus pa za kusintha kwa nyengo, lipoti la Stern litatuluka mu 2006, unagona pamenepa. Stern anagwiritsa ntchito pafupifupi 1.4, Nordhaus ankafuna yoposa 4. Limeneli si funso la masamu. Ndi funso loti mwana wosabadwa ali ndi kulemera kwanji, ndipo iye sangafunsidwe kuti angalipire zingati. Mukapatsidwa lipoti lililonse la mtengo wa nyanja, pitani kumapeto mukaone peresenti imeneyi musanawerenge china chilichonse.

Tiyamike:
Zikomo mayi. Funso lomaliza kwa ine, la mapulasitiki. Kodi anawerengerapo?

Nachisale:
Anawerengera. Jenna Jambeck ndi anzake anapeza kuti mu 2010 mokha matani a pakati pa 4.8 miliyoni ndi 12.7 miliyoni analowa m'nyanja kuchokera kumtunda. Mu 2019 Nicola Beaumont ndi anzake anati tani iliyonse ya pulasitiki ya m'nyanja imawononga zinthu za madola pakati pa 3,300 ndi 33,000 chaka chilichonse. Kusiyana kwa nambala ziwirizi n'kwakukulu, koma ngakhale yaing'onoyo imaposa mtengo wogulira tani ya pulasitiki watsopano.

Chisomo:
Ndipo mtengo umenewo sunalowebe pa botolo. Wopanga salipira, wogula salipira, amalipira ndi msodzi amene ukonde wake watuluka ndi zinyalala ndi mzinda womwe ukusesa gombe. Mayiko anakumana ku Busan ku South Korea kumapeto kwa 2024 ndi ku Geneva mu August 2025 kuti amalize pangano la mapulasitiki, ndipo maulendo onse awiri anabalalika osagwirizana, makamaka pa nkhani yoika malire pa kapangidwe ka pulasitiki watsopano. Mayiko opopa mafuta anakana. Nambala za a Beaumont zinali zitatuluka kale.

Kondwani:
Mayi Nachisale, mukapeza mpata mutifotokozereko za migodi ya pansi pa nyanja ku Clarion-Clipperton Zone ku Pacific. Makampani akufuna miyala ya nickel ndi cobalt pa malo akuya mamita oposa 4,000, ndipo zamoyo zambiri za kumeneko zilibe ngakhale dzina. Mtengo wa miyalayo akuudziwa. Ndikufuna ndimve kuti pa mbali ya zamoyozo mulembapo chiyani, ndipo mufunsa ndani.